Mafunso ndi mayankho: kudyetsa ndi kusamala nsomba za rainbowfish kuti ziwale

Dandaulo la anthu ambiri amene angoyamba kuweta rainbowfish m'thanki ya galasi ndi limodzi: pa chithunzi nsomba zinali zofiira psuu, zina zabuluu wonyezimira, koma zimene zafika pakhomo ndi zotuwa mbuu. Poona zimenezi munthu amathamangira kukagula kabotolo ka chakudya kolembedwa kuti kamawalitsa nsomba. Chakudya chili ndi gawo lake ndithu, ndipo tilifotokoza bwinobwino, koma msinkhu wa nsomba, madzi, zinzake zimene ikukhala nazo ndi kuwala kwa m'thanki zimachita zambiri kuposa zimene zili m'botolomo.

Nsomba zimene ndagula ndi zotuwa. Kodi andigulitsa zolakwika?

Kawirikawiri ayi. Mwagula ana. Rainbowfish zimagulitsidwa zikadali zazing'ono, za masentimita 4 kapena 5, chifukwa woziswetsa sangazisunge chaka chathunthu akuzidyetsa asanapezepo ndalama. Pa msinkhu umenewo mitundu yambiri imaoneka mofanana: kathupi kasiliva, kamzere kakuda kosaoneka bwino m'mbali, basi.

Nsombazi zimachedwa kukhwima. Melanotaenia boesemani, ya ku nyanja za Ayamaru kumadzulo kwa chilumba cha New Guinea m'dziko la Indonesia, imatulutsa pang'onopang'ono buluu wa kutsogolo ndi olenji wa kumchira, ndipo yaimuna imafika pachimake ikapitirira chaka, nthawi zina mpaka zaka 2. Glossolepis incisus ya ku nyanja ya Sentani, pafupi ndi mzinda wa Jayapura, yaimuna imayamba ili yasiliva mofanana ndi yaikazi, kufiira kumadzabwera ikamakula. Yaikaziyo siidzafiira ngakhale muidyetse motani. Imakhala yachikasu chotuwira moyo wake wonse, ndipo mmenemo ndi mmene inabadwira.

Onjezani pamenepo mantha a ulendo. Nsomba imene yangotuluka m'thumba la pulasitiki imasuluka, ndipo pamatenga masiku angapo kuti izolowere malo atsopano.

Kodi kufiira, chikasu ndi buluu wa nsombazi zimachokera kuti?

Mukamvetsa yankho la funso ili, mafunso enawo apepuka. M'khungu la nsomba muli maselo osiyanasiyana. Ena amasunga utoto wakuda wotchedwa melanin, umene nsomba imapanga yokha. Ena amasunga utoto wachikasu ndi wofiira, ndipo gawo lalikulu la utoto umenewu ndi ma carotenoid. Nsomba siitha kupanga carotenoid yokha, iyenera kumupeza m'chakudya. Zomera ndi ndere ndizo zimamupanga, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, nsomba imadya tizilomboto, utotowo n'kukakhazikika pakhungu ndi m'zipsepse.

Buluu ndi kubiriwira konyezimira ndi nkhani ina. Amenewa si utoto ayi. Maselo otchedwa iridophore ali ndi timagalasi ting'onoting'ono ta guanine tosanjikizana, timene timabweza kuwala monga mmene thovu la sopo limaonetsera mitundu ya utawaleza padzuwa pamene sopoyo ndi woyera. N'chifukwa chake Melanotaenia lacustris ya ku nyanja ya Kutubu ku Papua New Guinea imaoneka yabuluu ikatembenukira uku, yobiriwira ikatembenukira uko.

Choncho chakudya chingathe kuwonjezera kufiira kwa incisus, olenji wa kumchira kwa boesemani, ndi zipsepse zofiira za Melanotaenia praecox yaimuna. Koma palibe chakudya chimene chingathire buluu m'thupi la lacustris. Buluu amatuluka nsomba ikakhala yathanzi, mamba ake ali osalala, kuwala kukuigwera bwino.

Chinthu china chofunika: utoto wa m'maselo aja umatha kufalikira selo lonse kapena kuunjikana pakati, ndipo zimenezi zimalamulidwa ndi minyewa ndi mahomoni a nsomba. Ikachita mantha, kapena inzake ikamaipitikitsa tsiku lonse, imasuluka m'kamphindi ngakhale yadya zabwino mwezi wonse. Ikasangalala, utoto uja umabwerera.

Nanga carotenoid amapezeka m'zakudya ziti?

Wodziwika kwambiri ndi astaxanthin, amene amafiiritsa. Amapezeka mu tinyama ta m'madzi tokhala ndi chigoba monga krill, mysis ndi cyclops, ndiponso mu ndere yotchedwa Haematococcus pluvialis, imene opanga zakudya za nsomba amailima pofuna utoto womwewu. Spirulina, ufa wobiriwira wochokera ku tizamoyo tonga ndere, ili ndi beta-carotene ndi zeaxanthin, zimene zimathandiza kumbali ya chikasu ndi olenji. Lutein wochokera m'maluwa a marigold, komanso paprika wogaya, amaikidwanso m'zakudya zambiri zogula.

Mukamagula chakudya chouma, tembenuzani botolo muwerenge zimene zilimo. Ngati krill, ufa wa nsomba, shrimp kapena spirulina zili koyambirira kwa mndandanda, ndi chabwino. Ngati choyamba ndi ufa wa tirigu, ndipo spirulina ali kumapeto kwenikweni, mukugula ufa wopakidwa utoto. Chakudya kukhala chofiira m'botolo sikutanthauza kuti chifiiritsa nsomba.

Carotenoid amasungunuka m'mafuta, osati m'madzi, choncho amalowa bwino m'thupi ngati chakudyacho chili ndi mafuta pang'ono, monga mmene krill ndi mysis zilili.

Kodi kwawo kumitsinje ndi kunyanja zimadya chiyani?

Rainbowfish zambiri kwawo ndi ku Australia ndi ku New Guinea, ndipo ndi nsomba zosasankha chakudya. Zimawakha nyerere ndi tizilombo tina togwera pamadzi kuchokera m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, zimadya mphutsi za tizilombo ta m'madzi, tinyama ting'onoting'ono tachigoba, komanso ndere zambiri ndithu. Gawo la zomerali ndi limene oweta ambiri amaiwala. Amaona nsomba yothamanga, yolusira chakudya, n'kuganiza kuti ndi yodya zanyama zokhazokha.

Ndiye m'thanki yesetsani kutsanzira kasakanizidwe kameneko. Chakudya chouma chabwino, flake (tizidutswa topyapyala) kapena timibulu ting'onoting'ono, chikhale cha tsiku ndi tsiku. Kawiri kapena katatu pa sabata perekani tinyama tachigoba monga daphnia, brine shrimp, mysis kapena cyclops, tamoyo kapena touma ndi chisanu ta m'firiji. Zamasamba zisasowe: flake ya spirulina, nsawawa zophika pang'ono n'kuzisenda ndi kuziphwanya, kapena sipinachi wofutsa. Mitundu ikuluikulu imadyanso duckweed, kachomera kakang'ono koyandama kamene oweta ena amadana nako chifukwa kamachulukana msanga. M'thanki ya rainbowfish zikuluzikulu kachomera kameneka ndi ndiwo. Ndipo ngati mungapeze tintchentche ta zipatso tosauluka, timene timawetedwa kuti tikhale chakudya cha ziweto zazing'ono, tiwazeni pamadzi muone mmene nsombazo zimatilumphira. Palibe chakudya china chimene chimazisangalatsa chotero.

Ndizidyetsa kangati, ndipo chochuluka bwanji?

Kawiri pa tsiku, chimene zingamalize m'mphindi 2 kapena 3. Nsombazi zimaoneka ngati zanjala nthawi zonse, musazimvere chisoni. Zikanenepa kwambiri mafuta amadzaza m'chiwindi, ndipo chakudya chotsala chimaola n'kuipitsa madzi. Nsomba zazikulu kuzisiya tsiku limodzi pa sabata osadya sikuziononga.

Samalani ndi kukula kwa chakudya. Kukhosi kwa rainbowfish ndi kopapatiza kuyerekeza ndi thupi lake, ndipo imameza mothamanga. Timibulu tikuluikulu kapena krill yaikulu yosadula ingathe kuitsamwitsa. Iriatherina werneri, kansomba ka zipsepse zazitali ngati ulusi, ndiye kamafuna chakudya chosalala kwenikweni, monga brine shrimp yongoswa kumene kapena flake yofikisa ndi zala. Wazani chakudya m'malo awiri kapena atatu pamwamba pa madzi kuti zofooka zipezeko, chifukwa zamphamvu zimatha kumaliza zonse zinzake zisanafike.

Nsomba zanga zimakonda mphutsi zofiira zotchedwa bloodworm. Ndingamazipatse zimenezi zokha?

Ayi. Kufiira kwa bloodworm kumachokera ku hemoglobin, utoto wa m'magazi, si carotenoid, choncho sikufiiritsa nsomba. Mphutsizi ndi zabwino mwa apo ndi apo, koma zokhazokha zimanenepetsa. Nyama ya ng'ombe kapena ya nkhuku musaiyese n'komwe. Mafuta ake nsomba siziwagaya bwino.

Chakudya cholembedwa kuti chowonjezera kuwala chimagwiradi ntchito?

Chimene chili ndi astaxanthin kapena spirulina wokwanira chimagwira, koma kumbali ya kufiira, olenji ndi chikasu kokha, komanso mpaka pamene chibadwa cha nsombayo chimalola. Chigwiritseni ntchito ngati chimodzi mwa zakudya zingapo. Ine ndimaona kuti kusinthasintha zakudya zitatu kapena zinayi zabwino kumapambana botolo limodzi lodula.

Pali chinanso chimene anthu sachiganizira: carotenoid ndi mavitamini amaonongeka ndi mpweya, kutentha ndi kuwala. Botolo lalikulu limene munatsegula chaka chatha, lomwe limakhala pamwamba pa chivundikiro cha thanki pafupi ndi nyale, latsala dzina lokha. Gulani laling'ono loti lithe m'miyezi yochepa, tsekani bwino, sungani pozizira ndi pamdima, ndipo musapisemo zala zonyowa.

Kodi madzi amakhudza bwanji maonekedwe?

Kwambiri, mwina kuposa chakudya. Rainbowfish sizipirira madzi akale. Amoniya ndi nitrite, poizoni wochokera ku ndowe za nsomba ndi chakudya choola, ziyenera kukhala pa 0 nthawi zonse mukayeza madzi. Nitrate, imene imatsala mabakiteriya akagaya poizoniyo, ikhale yotsika, ndipo oweta ambiri amayesetsa kuti isapitirire mamiligalamu 20 pa lita. Nitrate ikamakwera pang'onopang'ono nsomba sizifa lero kapena mawa, zimangofwifwa, kukula kumachedwa, zipsepse zimapindika, mwini wake n'kumaimba mlandu chakudya.

Mankhwala ake ndi kusintha madzi sabata iliyonse, kuyambira gawo limodzi mwa magawo anayi mpaka theka la thanki, malinga ndi kuchuluka kwa nsomba. Madzi atsopano akhale otentha mofanana ndi akalewo, ndipo ngati ndi a pampopi thirani mankhwala ochotsa klorini. Kawirikawiri mudzaona kuti m'mawa wotsatira zazimuna zawala kwambiri ndipo zayamba kuthamangitsa zazikazi. Umenewo ndi umboni woti madzi ndiwo anali kuzibweza m'mbuyo.

Mitundu ya kunyanja monga boesemani, incisus ndi lacustris imakonda madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) pakati pa 7 ndi 8, okhala ndi mchere wa m'miyala pang'ono. Komabe musalimbane ndi kusintha pH ndi mankhwala tsiku lililonse. Madzi okhazikika, ngakhale asiyane pang'ono ndi a kwawo, ndi abwino kuposa okwera ndi kutsika. Nsombazi zimafunanso mpweya wambiri m'madzi, ndiye fyuluta izigwedeza pamwamba pa madzi usana ndi usiku.

Kutentha kwa madzi kukhale kotani?

Madigiri 24 mpaka 27 amakwanira mitundu yambiri ya ku New Guinea ndi kumpoto kwa Australia. Melanotaenia fluviatilis ya ku mtsinje wa Murray ndi Melanotaenia duboulayi ya kum'mawa kwa Australia zimapirira madzi ozizirirapo. Madzi otentha kwambiri amachepa mpweya, choncho musakweze hita poganiza kuti kutentha kuwalitsa nsomba.

Ndiwete zingati, m'thanki yaikulu bwanji?

Zosachepera 6 za mtundu umodzi, ndipo 8 kapena 10 ndiye bwino koposa. Rainbowfish ndi nsomba za m'gulu. Ziwiri kapena zitatu zokha zimakhala mwamantha, ndipo yamphamvu imazunza yofooka mpaka kusuluka.

Apa pali chinsinsi chimene sindifuna kuti muchiphonye. Yaimuna imawala pofuna kudzionetsa, kwa zazikazi komanso kwa zazimuna zinzake. Anthu ena amagula zazimuna zokhazokha poti ndizo zokongola, ena amagula yaimuna imodzi ndi zazikazi zambiri. Njira zonse ziwirizi zimachepetsa kuwala. Pakakhala zazimuna zitatu kapena zinayi ndi zazikazi zochuluka mofanana kapena kuposerapo pang'ono, zazimunazo zimaima moyandikana, zipsepse zonse ziwiri za kumsana zili njo, thupi likunjenjemera, utoto wonse utatuluka. Sizivulazana kawirikawiri ngati malo alipo okwanira. Ndi mpikisano wa maonekedwe. Kudyetsa bwino kumaika utoto m'thupi, koma mpikisano umenewu ndi umene umauonetsa.

Thanki ikhale yaitali m'litali chifukwa ndi nsomba zothamanga. Boesemani, imene imakula kufika masentimita 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndi incisus, imene imatha kufika 15, zimafuna thanki ya masentimita 120 kapena kuposa. Praecox, imene siipitirira masentimita 7 kapena 8, ingakhale mu ya masentimita 80 kapena 90. Chivundikiro ndi chofunika. Zimalumpha.

Nanga mchenga, zomera ndi nyale?

Nsomba imayesa kufanana ndi malo amene ili. Pa mchenga woyera mbee, m'thanki yopanda pobisala, yowala ngati masana mbali zonse, imadzitumbulutsa kuti adani asaione. Ikani mchenga kapena timiyala todera, matani pepala lakuda kapena labuluu wodera kuseri kwa galasi lakumbuyo, muona kusiyana m'masiku ochepa osasintha chakudya.

Zomera zibzalidwe m'mbali ndi kumbuyo, pakati pasiyidwe posambira. Vallisneria, Java fern ndi Java moss zimachita bwino m'madzi amene rainbowfish zimakonda, ndipo zomera zoyandama zochepa zimapereka mthunzi. Nyale iyake maola 8 mpaka 10 pa tsiku, nthawi yofanana. Ikhale cha kutsogolo kwa thanki kuti kuwala kuzigwera m'mbali mwa nsomba imene inu mukuiona, osati kuseri kwake. Paja buluu uja ndi kuwala kobwerera. Nyale yoyera yokhala ndi kufiira pang'ono imaonetsa bwino mitundu yonse, pamene yabuluu kwambiri imapha kufiira.

M'mawa ndimaona mzere wowala pamutu pa yaimuna, ukuyaka ndi kuzima. Kodi ndi matenda?

Si matenda, ndi chizindikiro choti zinthu zili bwino. Nsombazi zimaikira mazira m'mawa, ndipo yaimuna ikamafunsira imayatsa mzere wochokera pakamwa, kudutsa pamwamba pa mutu mpaka pa chipsepse choyamba cha kumsana. Mzerewu umakhala woyera, wagolide, wabuluu kapena wa olenji malinga ndi mtundu wa nsomba, ndipo umang'anima n'kuzima m'masekondi. Ngati thanki ili poti kadzuwa ka m'mawa kamaigwera kwa kanthawi kochepa, imeneyo ndi nthawi imene mudzazione zitakongola kuposa tsiku lonse. Amene amadzuka mochedwa n'kumaziona madzulo okha amaphonya zambiri.

Pogula zinali zowala kwambiri ngakhale zinali zazing'ono, koma pano zasuluka. Chachitika n'chiyani?

Yambani ndi kuyeza madzi ndi kuona ngati pali nsomba imene ikuzunza zinzake. Ngati zonsezo zili bwino, n'kutheka kuti munagula nsomba zopatsidwa mahomoni. Oswetsa ena osakhulupirika amadyetsa tiana mahomoni achimuna kuti tiwale tisanafike msinkhu, ndipo ngakhale zazikazi zimaoneka ngati zazimuna. Mankhwalawo akatha m'thupi pakapita masabata angapo, kuwala kumathanso, ndipo nsomba zina zimatsala zofooka kapena zosabereka. Kansomba ka masentimita 4 kowala ngati yaikulu ya zaka 2 kazikukayikitsani. Inunso musayese njira imeneyi. Ndi nkhanza kwa nsomba.

Ndingasakanize mitundu yosiyana m'thanki imodzi?

Ngati ndi zongoonerera, inde, bola mtundu uliwonse ukhale ndi gulu lake lokwanira. Ngati mukufuna kuswetsa, ayi. M'thanki mitundu ya Melanotaenia, Glossolepis ndi Chilatherina imakwerana mosavuta, ndipo ana osakanizika nthawi zambiri amatuluka a maonekedwe osadziwika bwino, osafika kukongola kwa makolo awo. Palibe chakudya chingakonze zimenezo.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kukongola. Mitundu yambiri imapezeka m'nyanja imodzi kapena mtsinje umodzi wokha padziko lonse. Boesemani, imene akatswiri Allen ndi Cross anailemba m'mabuku a sayansi mu 1980, ili pa mndandanda wa IUCN, bungwe loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, wa nsomba zimene zili pangozi yotha kwawo. Ngakhale mkati mwa mtundu umodzi, monga Melanotaenia trifasciata ya kumpoto kwa Australia, nsomba za mtsinje wa Goyder zimasiyana maonekedwe ndi za mitsinje ina. N'chifukwa chake mabungwe a oweta monga ANGFA amalimbikitsa kusunga dzina la malo amene nsomba inachokera ndi kusasakaniza. Mukagula kwa woswetsa amene amasamala zimenezi, mwayamba kale ndi nsomba ya magazi abwino.

Zingakhale ndi nsomba zina ziti?

Zofatsa zokonda madzi ofanana, monga Corydoras, ma danio ndi ma barb osaluma zipsepse. Pewani zolusa, komanso zochedwa kudya chifukwa rainbowfish zimazilanda chakudya.

Ndingadziwe bwanji kuti kusuluka ndi kwa matenda?

Onani ngati pali zizindikiro zina. Timadontho toyera ngati mchere pathupi ndi pa zipsepse ndi ich, imene imachizika mukaigwira msanga. Chigamba choyera pakamwa kapena pamsana chimene chikukula mofulumira chingakhale matenda a mabakiteriya otchedwa columnaris. Koma matenda amene oweta rainbowfish amawaopa kwambiri ndi oyambitsidwa ndi mabakiteriya a Mycobacterium. Nsomba imaonda ngakhale ikudya, imafwifwa kapena kuda mbali imodzi, imatuluka zilonda zosapola, nthawi zina msana umapindika, ndipo zimafa imodziimodzi kwa miyezi. M'thanki ya pakhomo matendawa sachizika. Yodwala ichotsedwe, madzi azisinthidwa pafupipafupi, nsomba zisathithikane. Mabakiteriyawa amathanso kulowa pa bala la munthu n'kuyambitsa zotupa zochedwa kupola, choncho ngati muli ndi chilonda padzanja valani magolovesi, ndipo chotupa chikatuluka mukauze adokotala kuti mumaweta nsomba.

Nsomba zatsopano zizikhala kaye m'thanki yapadera kwa masabata 4 musanaziphatikize ndi zakale.

Ndikuswetsa. Kodi tiana ndingatidyetse chiyani kuti tidzawale tikakula?

Mazira amamatirira ku zomera ndi timaulusi, ndipo amaswa pakapita sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi kutentha kwa madzi. Tiana timakhala ting'onoting'ono zedi ndipo timayandama pamwamba, ndiye masiku oyambirira timafuna infusoria (tizilombo ta m'madzi tosaoneka bwino ndi maso) kapena chakudya cha ufa wosalala choyandama. Tikakulako tipatseni brine shrimp yongoswa kumene, imene ili ndi carotenoid ndi mafuta abwino, kenako flake yofikisa yokhala ndi spirulina. Tidyetseni pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, madzi azisinthidwa mosamala. Kansomba kamene kanapinimbira kali kakang'ono sikadzafika pa thupi ndi maonekedwe a tinzake.

Ndikasintha zonsezi, ndiyembekezere nthawi yaitali bwanji?

Zimatengera chimene mwasintha. Pepala lakuda kumbuyo, kusuntha nyale ndi kuwonjezera gulu zimaoneka m'masiku ochepa. Kukonza madzi kumaoneka m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chakudya chimatenga masabata angapo, mwezi kapena iwiri, chifukwa utoto umaunjikana pakhungu pang'onopang'ono. Msinkhu ndiye ulibe chidule: yaimuna ipitiriza kuzama thupi ndi kuwonjezera kuwala mpaka chaka chachiwiri, ndipo ikasamalidwa bwino imakhala zaka 5 kapena kuposa.

Poti mumaziona tsiku lililonse, maso anu sazindikira kusinthako. Jambulani chithunzi kamodzi pa mwezi, m'mawa, nyale yomweyo itayaka, muli pamalo omwewo, kenako yerekezani. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kuti mudziwe chimene chathandiza.